Minsi ya nkhumba ndi chiwaya cha Mwanaisha

Aphungu,

Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala kuno kwa Mwambo, kufupi ndi doko la Kachulu pomwe mabwato amanyamukira popita kuchilumba cha Chisi. Ndakulemberani chifukwa mutu wanga waima, ndipo nkhaniyi sindingaikambe kumpingo kapena pamjigo.

Mwezi wathawu alamu anga a Edwadi, akulu awo a amuna anga, anabwera kuchokera ku Joni ndi kachigayo ka nyama kopukusa ndi dzanja, kaja amamangirira pathebulo. Anakapereka kwa amuna anga a Makisoni ngati mphatso. Chilandirireni, bambowa sakukhazikika. Anayamba ndi kugaya mtedza, kenako chinangwa, mpaka matemba anagaya. Ndiye nkhumba yathu yaikulu itathyola khola kachiwiri n'kukafukula nazale ya mpunga ya aneba, a Makisoni anaipha, ndipo m'malo moti tigulitseko nyama ina monga timachitira, iwo anagaya pafupifupi yonse. Akuti ku Joni anthu otsogola amadya chonchi, amati minsi.

Panopa nyamayo ili m'majumbo mufiriji ya sola kwa aphunzitsi ena, ndipo akazi awo ayamba kale kundiyang'ana ndi diso loti chotsani katundu wanu. Vuto ndi loti kaphikidwe kake sindikadziwa. Tsiku loyamba ndinaiwiritsa ngati nyama wamba, inangosanduka phala lotuwa. Mayi anga ataiona m'mbale anati, "Iwe, nyamayi waitafuna kale ndani?" Ana anaseka mpaka misozi, ndipo palibe anaikhudza. A Makisoni okha ndi amene anadya, koma nawonso ndinawaona akupatsirako galu kumbali.

Loweruka la sabata ya mawa kuli chinkhoswe cha mwana wanga woyamba, Gloria. Kwathu kuno tinasakanikirana, Akhristu ndi Asilamu, ndipo mwambo wake mukuudziwa: pakakhala zochitika, mbuzi amazinga ndi Msilamu kuti aliyense adye mtima uli m'malo. Mbuzi tili nayo imodzi yokha, yowonda. A Makisoni akuti tigaye ntchafu imodzi ya mbuziyo, tisakanize ndi ya nkhumba ija, ndipange masamusa odzaza beseni m'mawa ophika ena asanafike. Nditakayikira anati, "Make Gloria, nyama ikagayidwa ilibe dzina. Ungothira adyo ndi tsabola, angadziwe ndani?"

Amene amatsogolera kuphika pa zochitika za pakhomo panga ndi mnzanga Mwanaisha, Msilamu. Tinadziwana chaka chija nyanja inaphwa, tikuyenda wapansi pamatope ouma kupita ku Chisi. Ndinali ndi pakati pa mwana wanga womaliza, dzuwa linandigwetsa pakati pa njira, iye anandimwetsa madzi ake onse n'kundigwira mkono mpaka tinakafika. Kuyambira pamenepo ndife pachibale. Amakonda kunena kuti, "Achemwali, kwa inu kokha ndi kumene ndimadya osafunsa kuti ndiwo ndi zanji."

Lachiwiri lapitali ndinafuna kuyeserera masamusawo. Chiwaya changa chinabowoka, ndiye ndinakabwereka cha Mwanaisha, chimene amakazingira zitumbuwa zogulitsa padoko. Ndinamuuza kuti ndikufuna kukazinga mandasi. Ndinakazingiramo a nkhumbawo, anaphulika m'mafuta, nyama yonse n'kumwazika. Chiwayacho ndinachikwecha ndi mchenga ndi phulusa katatu, n'kuchibweza osanena kanthu. Dzulo ndinamupeza padoko akukazingiramo zitumbuwa, ana ake akudya, iye n'kundininkha ziwiri zamoto. Zinandikanika kumeza.

Ndithandizeni, Aphungu. Kodi nyama yogayayi amaiphika bwanji kuti anthu aidye? Nanga ndi zokometsera ziti zimene zingaphe fungo la nkhumba kuti pachinkhoswe pasapezeke wozindikira? Za chiwayazo ndikuganiza kuti poti ndinatsuka bwino, zatha. Kapena si choncho?

E.M., Kachulu, Zomba

Mayi E.M.,

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Ulendo woyamba ndinaseka, wachiwiri ndinachita manyazi m'malo mwanu. Mwandifunsa mafunso atatu, koma limodzi lokha ndi la kukhitchini. Awiri enawo mukundipempha kuti ndikhale mboni ya bodza.

Tiyambe ndi a Makisoni. Munthu wamkulu, wa ndevu zake, woti sabata ya mawa akhala mpongozi wa munthu, ali kalikiliki kugaya matemba! Mwayi wake alamu anu sanabweretse sowo, bwenzi pano mulibe zitseko. Ku Joniko iwo sanapondeko, koma akudziwa kale zimene anthu otsogola amadya. Ndipo nzeru yawo ija yoti nyama ikagayidwa ilibe dzina, auzeni kuti chimanga chikapita kuchigayo sichibwerako chili mapira. Nkhumba ndi nkhumba, ngakhale muipere ngati fodya wa m'mphuno.

Tsono kaphikidwe. Nyama yogaya sawiritsa m'madzi, mayi, si nyemba. Ikani poto pamoto wamphamvu, mafuta pang'ono chabe poti nkhumba imatulutsa ake, muponyemo nyamayo pang'onopang'ono mukuibalalitsa ndi mthiko mpaka madzi aphwe, ifiire, iyambe kununkhira. Mukatero thirani anyezi, adyo, tomato, mchere ndi tsabola wa kambuzi, zipsere limodzi mpaka msuzi ugwirane. Apo mwapeza ndiwo zoyenda bwino ndi mpunga wa faya wa kwanuko. Tsiku lina onjezeranimo kabichi wodula mopyapyala kapena nandolo wowiritsa kale, mudzaona kuti nyama yodzaza kapu ikwanira banja lonse.

Kwa mayi anu, amene akufuna chotafuna ndi mano awo, ndipo sakulakwa, sakanizani nyama yaiwisi ndi dzira limodzi, anyezi wosinja, mchere ndi ufa wa tirigu wodzaza dzanja. Umbani timibulu ngati mazira a nkhunda, mukazinge mpaka tilimbe kunja, kenako mutiponye mumsuzi wa tomato tiwire kwakanthawi. Masamusa anu aja ndikukhulupirira anaphulika chifukwa munakulungamo nyama yaiwisi, yodzaza madzi. Yambani mwaikazinga, iume, izizire, ndiye mukulunge n'kumata m'mphepete ndi kaphala ka ufa wa tirigu.

Chilichonse chimene mwaphika chipse mpaka mkati, pasaoneke pofiira, chifukwa nkhumba yosapsa imasiya njoka m'mimba. Nyama yogaya sichedwa kuwonongeka, komanso firiji ya sola imafooka kukachita mitambo. Jumbo imene mwatulutsa iphikidwe tsiku lomwelo, ndipo nyama ikayamba kununkha kapena kuterera, kwirirani osaimvera chisoni. Yotsalayo gawirani a kumpingo kwanu amene amadya nkhumba, mukuwauza dzina lake, kuti akazi a aphunzitsi aja apume.

Zokometsera zobisa fungo sindikuuzani, ndipo sikuti sindizidziwa. Mukufuna kuitana anthu pakhomo panu, Msilamu azinge mbuzi onse akuona, kenako muwadyetse chimene chipembedzo chawo chimaletsa, iwo ali pikitipikiti kukuthokozani? Ndiye kuzingako n'kwa chiyani, sewero? Mwambo umenewo makolo anu anausunga kuti mudzi wa zipembedzo ziwiri uzidyera pamphasa imodzi, inu mukufuna muusinthanitse ndi beseni la masamusa. Zimenezo si kuchenjera, ndi chipongwe, ndipo zandinyansa.

Komanso mukuganiza kuti a Makisoni, amene alengeza mudzi wonse za kachigayo kawo, adzasunga pakamwa? Akadzangolawa kachasu kamodzi, nkhani idzafika ku Chisi bwato lisanafike. Ndipo anthu sadzati chinkhoswe cha Makisoni, adzati chinkhoswe cha Gloria chija anatidyetsa nkhumba. Mwana wanu adzalowa m'banja atasenza dzina limenelo.

Mbuzi ikachepa, palibe anafa ndi nyemba pachinkhoswe. Onjezerani nkhuku zozinga, matemba, kabichi, masamusa a mbatata ndi anyezi. Mbuziyo isayandikire n'komwe kachigayo kaja, poti mwadutsa kale nkhumba. Tsikulo kachigayoko kamangeni m'thumba mukaike padenga, a Makisoni muwapatse ntchito yoyala mabenchi.

Tsopano chiwaya. Mukuti zatha poti munakwecha katatu. Zikanatha, bwenzi zitumbuwa zija mutameza. Ngati chiwayacho chayera kapena ayi, woweruza si inu, si ine, ndi Mwanaisha ndi chipembedzo chake, ndipo inu mwamulanda mpata woweruzawo. Tsiku lililonse limene mukukhala chete, iye akudyetsa ana ake ndi makasitomala ake mosadziwa. Kwerani kabaza mawa lomwe mupite kumsika wa Songani mukagule chiwaya chatsopano, mupite nacho kwawo nokha, osatuma munthu. Mukafike n'kunena mosazungulira kuti munanama za mandasi, munakazingiramo nkhumba, ndipo munachita mantha kuulula. Musayambe ndi zoti a Makisoni ndi amene anayambitsa, chifukwa imene inakabwereka chiwaya ndi miyendo yanu. Akhoza kulira, akhoza kukuthamangitsani, akhoza kukana kudzaphika pachinkhoswe, ndipo zonsezo mulandire ndi manja awiri. Ndikuona kuti mumamukonda, apo ayi simukanandilembera. Akazimva kwa inu chiyembekezo chilipo, koma akazimva padoko ndiye kuti madzi atayika.

Chenjerani, mayi, wakutsina khutu ndi mnansi. Nyama ija ikhoza kuwola mufirijimo, koma mlandu suwola. Munthu ameneyu anakupatsani madzi ake pakati pa nyanja youma, ndipo mpaka lero amadya kwanu osafunsa. Chiwaya munakwecha ndi mchenga. Akadzadya masamusa anuwo, pakamwa pake mudzakwecha ndi chiyani?

Aphungu