Glasiya wa Mayi a Chisomo

Lachitatu, Okutobala, ku Kawale. Kwatentha koopsa ndipo ndachita manyazi.

Lero ndimaphunzitsa Folomu 3 za glasiya, ahedi atakhala kumbuyo kuti aone kaphunzitsidwe kanga. Ndinafotokoza kuti kumayiko ozizira madzi oundana amaunjikana pamapiri kwa zaka zambiri, kenako amatsetsereka pang'onopang'ono n'kumakumba zigwa. Ana amangodzikupiza ndi makope.

Dzulo ndinapempha aneba, Mayi a Chisomo, kuti andiumitsire ayisi wamkulu mufiriji mwawo. M'mawa anandipatsa jumbo yomanga bwinobwino. Nditaimasula m'kalasi ndinapeza mafirizesi ofiira, aja amagulitsa pageti! Kwa iwo ayisi ndi ameneyo basi.

Ndinalimba mtima. Ndinawasanjika pamulu wa mchenga umene ndinaunjika patebulo n'kunena kuti, "Bwerani pafupi, muone mmene glasiya amayendera." Nditatembenuka kuti ndijambule chigwa pabolodi, glasiya anayendadi. Pamchenga panalibe kanthu, milomo ya ana ili psuu.

Ahedi anatsokomola. "Aphunzitsi, si paja munati amayenda pang'onopang'ono?"

Ndinafuna kupepesa, koma nditawayang'anitsitsa, lilime lawo nalonso linali lofiira. Alembe lipoti loipa aone.