Mano a Bambo ndi Maliro a Tihomir

Dragačevo, 24 Meyi

Wokondedwa mlongo wanga Radoje,

Ndikhulupirira kalata ino ikupeza uli bwino ku Stuttgart kumeneko, pamodzi ndi Anke, mlamu wanga wam'tsogolo. Chifuwa chija chinatha? Kuno tikudzuka ndithu. Mayi miyendo ikuwavutabe, koma kudimba sajomba.

Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa bambo makutu awo ndi akuthwa, ndipo nkhani iyi anandilumbiritsa kuti ndisakuuze. Lero ndikuphwanya lumbirolo. Khala pansi kaye.

Ukukumbukira kuti mano anayi akutsogolo atachoka, lipenga lawo linayamba kukana kulira, poti mlomo unasowa potsamira. Mano ovula aja anawathawa m'kamwa pakati pa nyimbo, pa ukwati wa eni, ndipo anthu akusekabe mpaka lero. Iwe ndiye unabwera ndi nzeru yoti awaike mano okhazikika pa fupa, kuti adzakuimbire pa ukwati wako mu Ogasiti.

Dokotala wa mano wa ku Čačak uja ntchito yake anaigwira bwino, tisamunamizire. Kumapeto kwa Febuluwale anaboola fupa la nsagwada n'kulowetsamo timisomali tinayi tachitsulo, pamwamba n'kuikapo mano ongoyembekezera. Anati fupa limatenga miyezi inayi kuti ligwire chitsulo. Asalume chouma, asasute, ndipo lipenga lisakhudze n'komwe pamlomo. Bambo anafunsa ngati kupsompsona mkazi n'kololedwa. Mayi anati zaka makumi anayi zapita nkhani imeneyi osaimva, ndiye lero akufunsira mkazi wa ndani.

Anamvera, Radoje, sungakhulupirire. Fodya anasiya. Ankadya zofewa zokhazokha ngati khanda, n'kumadziyang'ana pagalasi kuposa mtsikana. Lipenga ndinalitenga ine, ndinakalibisa kwanga pamwamba pa kabati.

Sabata yachisanu ndi chiwiri, a Tihomir anamwalira. Uthengawo unaumva, koma zotsatira zake sunazimve.

Ukudziwa kuti a Tihomir anali kum wa bambo, amene anawaimira pa ukwati wawo ndi kutinyamula tonse awiri paubatizo. Ukudziwanso mawu akwathu, oti kumwamba kuli Mulungu, pansi pano kuli kum. Awiriwa anaimba limodzi malipenga kuyambira ali achinyamata, ndipo anapangana kalekale kuti wotsala adzaperekeza mnzake ndi lipenga mpaka kumanda.

M'mawa wa tsiku la maliro bambo anafika kwanga atavala suti yakuda ija, chipewa chili m'manja. Ndikanakonda akanandikalipira, ndikanawakaniza. Koma analankhula motsitsa. Anati, mwana wanga Grozdana, munthu amene anakunyamula pamaso pa Mulungu apite ngati galu wopanda mwini, ine ndikusunga mano? Anati mano amenewo adzatafunira chiyani chimene chidzawakomere.

Mwamuna wanga Miloje ankanditsinzinira diso kuti ndinene kuti lipengalo linapita kokakonzetsa. Ine ndinakwera pampando, ndinalitsitsa, ndinawapatsa ndi manja anga awa.

Anaimba kuchokera pakhomo la a Tihomir mpaka kumanda, chitunda chonse chija osapumira. Sindinawamvepo akuimba choncho chibadwire changa. Ngakhale okumba manda anavula zipewa. Pobwerera ndinaona magazi pakamwa pa lipenga, iwo n'kupukuta msanga ndi chala, ati mlomo wangong'ambika pang'ono.

Patapita masiku atatu nkhama zinatupa. Kwa dokotala anakana kupita, ati akamuyang'ana bwanji m'maso. Ankangochukucha m'kamwa ndi rakija, kachasu wathu uja, m'mawa ndi madzulo, ati mankhwala amene anachiza agogo athu sangalephere pa iwo. Masabata awiri anatha choncho, mayi akuwabisira, ine osadziwa kanthu.

Titawakokera ku Čačak, timisomali tija tinali tikugwedera ngati mitengo ya mpanda wakale. Mafinya anali atadya fupa. Dokotala anazula tonse tinayi. Sanawadzudzule. Anangoti fupa latsala lochepa, ndipo ndi msinkhu wawo komanso shuga wawo uja, sangalonjeze kuti loonjezera lingagwire. Bambo anamufunsa kawiri ngati ndiye kuti lipenga latha. Kachiwiriko dokotala anangoyang'ana pansi.

N'chifukwa chake akukuuza kuti kamera ya foni yawo inafa. Sinafe. Ukaimba amatembenukira kukhoma, n'kumakuuza kuti mano ali ngwi ngati a hatchi, kuti makolo a Anke akonzekere kugontha makutu. Akadula foni chakudya chawo chimazizira osachikhudza.

Kumowa kwa anzawo anasiya kupita. Amakhala pansi pa mtengo kuseri kwa nyumba, ndipo munthu akawapatsa moni amayankha dzanja lili pakamwa. Ndikuopa, mlongo wanga. Ayamba kale kunena kuti msana ukuwavuta, kuti mwina mu Ogasiti sadzatha kuima nthawi yaitali. Ndikuwadziwa bambo ako. Akukonza njira yoti pa tsiku la ukwati wako adzagone m'nyumba, kuopa kuima pamaso pako chimanjamanja.

Ngati ukufuna wokwiyira, kwiyira ine. Ndinkadziwa zimene dokotala ananena, ndinali pomwepo. Ndalira kokwanira, komabe sindikunamiza, atabweranso ndi chipewa m'manja ndikhoza kukweranso pampando uja. Kaya ndinalakwira iwe, kaya ndinalakwira iwo, mutu wanga sukundiuza.

Pempho langa ndi limodzi. Uwaimbire Lamlungu tikachoka kutchalitchi. Usawafunse za mano, usawalonjezenso dokotala wina wa ku Germany, poti chiyembekezo n'chimene chawapweteka kwambiri. Uwauze kuti wadziwa zonse, ndipo kuti pa ukwatiwo ukufuna bambo ako. Oimba malipenga tiwapeza, m'chigwa chino ali mbwee.

Dzulo ndikuwameta tsitsi anandifunsa motsitsa, ngati akufunsira munthu wina, kuti kodi bambo wa mkwati akakhala kuti sakuimba, amaima pati. Munthu amene waimba pa maukwati osawerengeka, Radoje, sadziwa pamene bambo amaima. Ine ndinangopitiriza kuwameta. Yankho limenelo ndi lako, iwe ndiye uwauze.

Undiperekere moni kwa Anke ndi makolo ake. Mayi akuti uzivala zofunda, Miloje ndi ana akupereka moni. Mulungu akusunge mpaka tidzaonane maso ndi maso.

Ndine mlongo wako,
Grozdana