Ndapeza Anthu Atatu Olowa M'chipinda Changa, Mnzanga Wawakana Onse

Aphungu,

Ndikulemba kalatayi mutu ukundiwawa. Ndine mayi wa zaka 29, namwino pachipatala china kuno ku Blantyre, ndipo ndimachita lendi ku Zingwangwa m'nyumba ya zipinda ziwiri. Nyumbayi tinalowa awiri, ine ndi mnzanga Petronela amene tinadziwana kukwaya. Eni ake ndi a Jabir, bambo achikulire omwe ali ndi shopu yosoka zovala ku Ndirande. Ndi munthu wabwino, sindinganame. Tinasainirana nawo pepala la chaka chimodzi, maina athu tonse awiri, ndipo dipoziti tinasonkha theka theka.

Tsopano kuntchito andisamutsira ku Mzuzu. Transifa imeneyi ndakhala ndikuipempha zaka zitatu, chifukwa mwana wanga wamkazi amakhala kumeneko ndi amayi anga ndipo ndimamuona kawiri pachaka. Chaka chino wayamba Sitandade 1 ine kulibe. Akufuna ndikayambe ntchito pa 1 mwezi wamawa, ndipo abwana anandiuza mosabisa kuti ndikazengereza malowo apatsa wina. Vuto ndi lakuti papepala lija patsala miyezi isanu.

Ndinapita kushopu kwa a Jabir kukawafotokozera. Anaimitsa makina n'kundimvetsera mpaka ndamaliza. Kenako anati, "Mwana wanga, pitani mukalere mwana. Ine sinditsekereza munthu. Mungondipezera wina wolowa m'malo mwanu, woti mnzanuyo agwirizane naye. Chimene sindifuna ndi phokoso basi." Ndinatuluka ndikumwetulira, ndimvekere zatheka.

Woyamba kumupeza anali Tadala, mphunzitsi wa kusekondale, munthu wofatsa. Anabwera Loweruka kudzaona chipinda. Petronela anamulandira bwino, mpaka kumupangira tiyi. Koma atangotuluka pageti, mnzangayo anati, "Ameneyu ayi. Waona mmene amayang'anira kubafa? Ndi wonyada." Ndinangoti chabwino, mwina magazi sanagwirizane.

Wachiwiri anali Jennifer, amagwira ntchito kufakitale ina ku Makata. Ameneyu anakanidwa chifukwa amagwira mashifiti, akuti azidzasokoneza tulo ndi chitseko. Aphungu, ine ndine namwino! Miyezi isanu ndi iwiri ndakhala ndikulowa ndi kutuluka nthawi zosadziwika m'nyumba yomweyo, sanadandaulepo ngakhale tsiku limodzi.

Wachitatu ndiye anandimaliza. Zeinabu, mtsikana amene wangoyamba kumene ntchito kubanki, anabwera ndi amayi ake kuchokera ku Machinjiri, okonzeka kusaina tsiku lomwelo. Atapita, Petronela anati, "Ameneyu sadya nkhumba, ndiye firiji tizidzaitani?" Chilowereni m'nyumbamo sindinaonemo nkhumba m'firiji imeneyo. Komanso firijiyo ndi yanga, ndikupita nayo.

Masabata atatu anatha choncho, ndikuyenda m'maminibasi, kuimba mafoni, kupepesa anthu osalakwa. Lachiwiri lapitali ndinaweruka msanga, ndipo ndinapeza chitseko cha chipinda changa chili pululu. Mkatimo munali Duncan, chibwenzi cha Petronela, atagwada pansi ndi tepi, akuyeza khoma limene kuli bedi langa. Atandiona sanachite ngakhale manyazi. Anangoti, "Sisi, bedi la dabulo lingakwane apa?"

Apa m'pamene Petronela anaulula. Anati, "Iwe ukuvutikiranji? Duncan azilipira theka lako. Koma a Jabir asadziwe, sangalole mwamuna amene sitinamange naye ukwati. Dzina lako lingokhala papepalapo mpaka chaka chithe, dipoziti yako udzatenga nthawi imeneyo. Si ndife pachibale?" Nditamufunsa chifukwa chimene anandisiyira ndikuzunzika masabata onsewa, anati amaopa kuti ndikana.

Duncan ameneyu amagulitsa mafoni ku Limbe, mwezi wina zimayenda, wina ayi. Ndinamvanso kuti kumene ankakhala ku Bangwe sanachokeko bwino ndi alandilodi, ngakhale umboni ndilibe.

Chiyambire tsiku limenelo sitikulankhulana. Aliyense akuphika yekha. Chikundivuta n'chakuti Petronela si mdani wanga. Nditadwala taifodi mu Juni ndi iyeyo amene ankandisambitsa ndi kundichapira, abale anga ali kutali. Ndikakawauza a Jabir za Duncan ndikhala ngati ndamugulitsa. Ndikavomera, mtima wanga sukukhazikika. Anzanga akuntchito akuti ndingolongedza katundu n'kumapita, zotsalazo aziona okha. Kodi ufulu wanga ndi uti pamenepa? Kodi mnzanga ali ndi mphamvu yokana munthu aliyense mpaka kalekale? Kwatsala masiku khumi ndi awiri okha. Ndithandizeni, ndatopa.

K.N., Zingwangwa

*

Okondedwa K.N.,

Kalata yanu yandipsetsa mtima, ndipo sikuti ndapsera mtima Petronela yekha. Inunso. Mwandifotokozera za tiyi, za nkhumba, za tepi, koma simunandiuze chimene chalembedwa papepala limene munasaina. Munaliwerengapo chisainireni? Litulutseni lero. Fufuzani pamene akunena za notisi, za kuchoka nthawi isanakwane, ndi za kulowetsa munthu wina. Mapepala ena amalola kuchoka mukapereka notisi ya mwezi umodzi. Ngati lanu likutero, masabata atatu aja munangothera nsapato.

Ine si loya, koma ichi ndikuchidziwa: anthu awiri akasaina pepala limodzi, kawirikawiri mwininyumba amatha kufunsa lendi kwa aliyense wa iwo, ngakhale amene anasamuka. Ndiye malangizo a anzanu akuntchito aja atayeni. Kuthawa sikufafaniza dzina. Nzeru ya Petronela ndiye yoipitsitsa, chifukwa akukupemphani kuti musenze udindo wa nyumba imene simugonamo, pa munthu amene inu nomwe simukumukhulupirira, kwinaku mukunamiza bambo amene anakuchitirani ulemu. Yankho ndi ayi. Muuzeni ayi ameneyu kamodzi, momveka, osawonjezera zifukwa khumi.

Kodi ali ndi mphamvu yokana? Pang'ono ali nayo. Ndi iye amene azigawana bafa ndi khitchini ndi mlendoyo, ndipo a Jabir anachita bwino kumuganizira. Koma kufunsidwa maganizo n'kosiyana ndi kumanga mnzako chingwe m'mwendo. Amene wakana anthu atatu abwinobwino chifukwa ali ndi wake wobisa sakusankha, akungotaya nthawi yanu dala. Cholakwa chanu chinali kuvomera mawu oti "agwirizane naye" popanda kuika tsiku lomaliza. Liikeni tsopano.

Khalani naye pansi mawa, osati pa foni. Muuzeni kuti pofika Lachisanu asankhe: avomere mmodzi mwa atatu aja, kapena atenge nyumba yonse m'dzina lake yekha, kapena amugwire Duncan dzanja apite naye kwa a Jabir masana dzuwa likuswa mtengo akapemphe okha. Akakanidwa, n'zawo. Inu simukuyenera kukanena za Duncan, si ntchito yanu. Koma mumuchenjeze mnzanuyo kuti mukafunsidwa simunama. Kumeneko si kumugulitsa. Anakusamalani mukudwala, zoona, ndipo mumuthokoze ndi mtima wonse. Koma chifundo chimenecho sichibwezedwa ndi siginecha.

Musadikire Lachisanu kuti muyambe zanu. Lembani kalata ya notisi lero, ya mizere yochepa: tsiku limene mukutuluka, chifukwa chake, ndi maina a anthu amene mwawapeza. Pangani makope awiri, a Jabir asaine pa yanu kuti alandira. Mawu awo abwino aja anali apakamwa, ndipo apakamwa amauluka, ngakhale a munthu woona mtima. Zeinabu muimbireni, mumupepese, mumufunse ngati angadikire masiku ochepa. Munthu wobwera ndi amayi ake kudzaona nyumba sapezeka tsiku lililonse.

Kenako pemphani kuti mukumane nonse, inu, Petronela, a Jabir ndi wolowayo, pakhalenso mboni imodzi ya mbali yanu. Chimene mukufuna pamsonkhanowo ndi chimodzi: pepala latsopano lopanda dzina lanu, kapena mawu olembedwa pa lakalelo kuti kuyambira tsiku lakuti inu mulibenso udindo panyumbayo, onse n'kusainira. Nkhani ya dipoziti ithere pomwepo. Njira yosavuta ndi yakuti wolowayo akupatseni theka lanu, a Jabir akudziwa, ndipo zilembedwe. Tsiku lotuluka yenderani nyumba limodzi ndi eni ake, jambulani zithunzi za chipinda chanu, mazenera, zitseko, mita ya madzi ndi ya magetsi. Makiyi muwapereke m'manja mwa a Jabir, osati mwa Petronela.

Nanga mnzanuyo akaumabe khosi? Bwererani kwa a Jabir ndi maina atatu aja, muwaonetse kuti mbali yanu munachita. Apempheni akumasuleni, ngakhale zitatanthauza kusiya gawo la dipoziti. Zimawawa, koma kuluza kumeneko n'kochepa poyerekeza ndi ntchito ndi mwana amene akukudikirani. Zikavuta kuposa apo, tengani pepala lanu mupite kwa loya kapena kumaofesi othandiza anthu pa zamalamulo, akuwerengereni mzere ndi mzere. Pa 1 mukhale muli ku Mzuzu, zivute zitani.

Chenjezo langa ndi ili: musalole kuti misozi ya tsiku lotsanzikana ikufewetseni mtima n'kunena kuti "chabwino, tizikonza pa foni." Chibwenzi chimatha, bizinesi imagwa, anthu amasamuka osatsanzika. Lendi ikadzasiya kufika, a Jabir sadzafunafuna Duncan. Sakumudziwa. Adzatsegula kabati, adzatulutsa pepala, n'kuimba nambala imene yalembedwapo.

Aphungu