Benchi ya Kukhoma

Makanjira,
Mangochi.

Wokondedwa mwana wanga Enid,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino, iwe pamodzi ndi mdzukulu wanga Hellen. Kaya kuzizira kwa ku Mzuzu munakuzolowera? Ife kuno tili bwino, kungoti dzuwa likuotcha ngati tinalilakwira. Amayi ako bondo lija likuwavutabe, koma pakamwa pokha ali bwinobwino, ine ndi mboni.

Usadabwe kuona dzanja langa. Zaka zinayi zapita chichokere iwe pakhomo pano, ndipo nkhani zako ndimangozimvera kwa amayi ako akamaliza kulankhula nawe pa foni. Ine pa foni sindingathe, ndikhoza kuyamba kulalikira. Bola papepala, ukatopa nane ungolipinda.

Chiyambire chaka chino, ife atsogoleri a mipingo yosiyanasiyana ya m'mbali mwa nyanja timakumana ku Mangochi Lachiwiri loyamba la mwezi uliwonse. Tilipo khumi ndi anayi, ndipo amene amatitsogolera ndi Abusa Jeremiya, munthu wamfupi wosakonda kukweza mawu. Ine ndinapita ndikuganiza kuti akatiphunzitsa kulalikira bwino, ndipo mumtima ndinkati pamenepo ndikawathandiza ndine. Umandidziwa.

Mwezi wa Ogasiti anatipatsa ntchito yachilendo. Anati aliyense akapemphere Lamulungu limodzi ku mpingo wa mnzake, kumene anthu sakumudziwa. Asavale jekete kapena tayi, asadzitchule udindo, ndipo asatsegule pakamwa kupatula poimba. Anati ife takhala tikuona tchalitchi kuchokera pa guwa, tsopano tikachione kuchokera pansi.

Ine ndinagwera ku mpingo wa Abusa Willard, kufupi ndi Monkey Bay. Ndinagona ku Mangochi Loweruka, m'mawa ndikukwera minibasi. Kondakitala analumbira kuti ikunyamuka pompo, ife tinakhala ola lathunthu tikudikira kuti idzaze. Ndinafika anthu ataimba kale nyimbo ziwiri.

Tchalitchi chinali chodzaza. Kumbuyo kwenikweni, kukhoma, kunali benchi yaitali pomwe panakhala mtsikana mmodzi yekha wobereka mwana. Ndinayamika Mulungu pondisungira malo, ndikukhala. Mtsikanayo anandiyang'ana modabwa, kenaka anasendera n'kundigwirizira buku lake la nyimbo.

Enid, zaka makumi awiri ndakhala mlaliki, koma sindinazindikire kuti ndakhala pa benchi ya odulidwa, anthu amene ali pa chilango cha mpingo. Ndine ndemwe ndimatumiza anthu pa benchi yotere kwathu kuno, koma chifukwa ndinalowera khomo la kumbuyo, ndinangoona malo abwino otambasulirapo miyendo.

Ndinayamba kuzindikira pa nthawi yopatsana moni. Anthu anagwirana chanza mabenchi onse, koma palibe anatembenuka. Mgonero unayenda mzere ndi mzere, utafika pa mzere wa kutsogolo kwathu unabwerera. Abusa Willard anandiona ali pa guwa, anachita kakasi, koma lamulo lathu linali lakuti asandiulule.

Titatuluka, mayi wina wachikulire anandikokera pambali mwachifundo. Anandifunsa monong'ona kuti pa msinkhu wanga womwewu ndalakwa chiyani, kapena ndi mitala.

Ndinacheza pang'ono ndi mtsikana uja pansi pa mtengo. Anati wakhala pamenepo miyezi isanu, yatsala umodzi. Ndinamufunsa ngati benchiyo imamupweteka. Iye anati benchi ilibe mlandu, chopweteka n'kuona misana ya anthu amene unakula nawo, sabata ndi sabata, wopanda n'mmodzi yemwe wokuonetsa nkhope. Anati nkhope imene amaiona ndi ya abusa okha, ndipo iwonso akafika pa iye maso amawalumphitsa.

Mwana wanga, mawu amenewo anandilasa. Iwe unakhala pa benchi yathu miyezi isanu uli ndi pakati pa Hellen, osajomba Lamulungu ngakhale limodzi. Amene anawerenga dzina lako pamaso pa mpingo ndinali ine. Amene ankalumphitsa maso ndinali ine. Utanyamuka usanamalize chilango, ndinauza anthu kuti ndiwe wouma mutu, ndipo iwo anandiyamikira kuti ndine mtsogoleri wosakondera. Ndinasangalala nako kuyamikidwa kumeneko. Lero ndikakumbukira ndimachita manyazi.

Titakumananso ku Mangochi ndinafotokoza zonse. Anzanga anayamba aseka nkhani ya mitala mpaka misozi, Abusa Willard akupepesa kosatha. Abusa Jonathan a ku Makokola anati tisatengeke ndi chisoni, mpingo wopanda mwambo ndi bwato lopanda nkhafi, ndipo ine sindinawatsutse. Abusa Jeremiya anangotipatsa mapepala, n'kunena kuti aliyense alembe maina a anthu amene anawakhazikapo pa benchi, aike chizindikiro pa amene akadali mu mpingo.

Ine ndinalemba maina khumi ndi limodzi. Chizindikiro ndinaika pa awiri. Mwa onsewo mwamuna anali mmodzi yekha, chifukwa mimba imaoneka koma mwini wake saoneka. Dzina lako ndinalilemba pomaliza.

Sitinagwirizane zonse tsiku limenelo, ndipo mpaka pano tikukambiranabe. Ena ayamba kuyendera olakwa kunyumba m'malo mowatchula pagulu. Ena akuti aona kaye.

Kwathu kuno ndinapempha akulu a mpingo kuti benchi ija tiichotse. Anakana. Anati ndinaipeza ndipo ndidzaisiya, komanso ena anati ndikufuna kusintha mwambo chifukwa wakhudza mwana wanga. Pamenepo sananame. Ndinawayankha kuti n'zoona, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti ana a eni ake khumi anadutsa pomwepo ine osamva kanthu.

Ndiye poti kuichotsa sindingathe, ndinasamukirapo. Lamulungu lililonse ndimakhala kukhoma, nthawi ya ulaliki ikakwana ndimapita kutsogolo, ndikamaliza ndimabwerera. Sabata yoyamba anthu makosi anawapweteka n'kucheuka. Sabata yachiwiri amayi ako anabwera ndi bondo lawolo, n'kundiuza kuti ndisendere, sangasiye mwamuna wawo akuchita misala yekha. Tsopano wonyamula mgonero amayenera kufika mpaka kukhoma, chifukwa sangamane mlaliki. Akafika amatiyang'ana kumaso tonse amene tili pamenepo.

Enid, sindikulemba kuti ndikuuze kuti zonse zakonzeka. Ndikulemba kuti ndinene mawu amene sindinanenepo kwa mwana wanga aliyense. Ndinalakwa. Unkafuna bambo, ine ndinakupatsa mlaliki. Ndikhululukire.

Pempho langa ndi limodzi. Bwera pa Khirisimasi ndi Hellen, ndimunyamuleko asanakule n'kundipitirira mphamvu. Msewu ndi womwe uja, koma mvula isanalimbe malole akumafika. Kutchalitchi sindikukakamiza. Ukafuna kungokhala pakhonde ndi amayi ako, ine ndidzakondwa. Ukaona kuti mtima sunalole, usadzikakamize, ndidzalembanso.

Undiperekere moni kwa azakhali ako a Dinala ndi onse a pakhomo pawo, uwathokoze pokulandira pamene ine ndinakutembenukira msana. Hellen umuuze kuti ali ndi agogo aamuna, ndipo akumusungira usipa wouma bwino. Mulungu akusungeni nonse.

Koma utati walowa m'tchalitchi muja, usavutike kundifuna kutsogolo. Ndili pa malo ako aja, pafupi ndi zenera, ndipo ukangolowa pakhomo nkhope yoyamba kuiona idzakhala yanga.

Ndine bambo ako,
Basil