Uthenga wa matenda a mayi unachedwa ku wailesi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Karongako pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno kwa Changata tilipo, kungoti bambo miyendo ikuwavutabe.

Kalata yanu yonena kuti tinakubisirani matenda a mayi yandipweteka kwambiri. Mayi atagonekedwa kuchipatala cha mishoni Lachiwiri, ine ndinasiya dengu m'munda wa tiyi, kapitawo akukalipa, n'kukwera minibasi ya ku Blantyre kukapereka uthenga ku wailesi. Ndinalembetsa kuti, "Mayi akudwala mwakayakaya, nyamukani lero." Ndinawachonderera bambo olandira mauthenga kuti auike pamwamba. Iwo, osandiyang'ana n'komwe, anati, "Kuno timawerenga motsata mmene afikira." Pepala langa analilowetsa pansi pa mulu wonse, kuseri kwa anthu opatsana moni ndi wina amene mbuzi yake inasowa. Mbuzi, achimwene! Kodi mbuzi singadikire mawa?

Lachitatu tinatchera khutu tsiku lonse, koma kunali zii. Lachinayi m'mawa mayi anatisiya, akufunsabe ngati mwafika. Tinawaika m'manda Lachisanu, Sabata lisanalowe. Lamlungu tikusesa pabwalo, wailesi ya aneba inatchula dzina lanu, kukuuzani kuti munyamuke lero mukaone mayi. Bambo anangolowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Ndiye musatinenenso zobisa. Bwerani mudzaone manda, mudzawatonthozenso bambo. Tsiku lobwera mutidziwitse pa kalata. Ku wailesi musapiteko, tingadzamve mutabwerera kale.

Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Esinati