Chotupa changa chakhoza mayeso

Lachinayi. Tsiku lotentha, lonunkha mankhwala, ndipo opaleshoni yanga aisunthanso.

Chifukwa chake ndachimva m'mawa. Ophunzira udokotala ali pa mayeso, ndipo apulofesa akuti chotupa changa cha m'mphechepeche n'chokongola, chofanana ndendende ndi cha m'buku. Chibadwire sindinayamikiridwepo chotere.

Ndiye ndaswera chiimire kuseri kwa katani, buluku lili m'maondo. Belu likalira, wina amalowa, kusamba m'manja, kundipatsa moni waulemu kwinaku akuyang'ana cholembera cha apulofesa. Kenako dzanja lozizira pamalo paja. “Khwehlela, baba.” M'chinenero cha kuno ndiye kuti khosomolani, bambo. Ine n'kukhosomola. Mtsikana wina, msinkhu wa mwana wanga, anaiwala ngakhale kundifunsa dzina. Anatuluka akulira. Ndinamumvera chisoni, komatu iye akalephera adzalembanso.

Masana abwana a ku fakitale ku Pinetown anaimba foni. Akuti ndikapanda kuoneka Lolemba, makina anga osokera apatsa wina, anthu ali mbwee pageti. Ndinauza dokotala wamng'ono amene adzandichite opaleshoniyo, apulofesa atamuimirira kumbuyo. Anandisisita paphewa.

“Eish, baba, gulu lina likulemba mawa. Mukutithandiza kwambiri.”

“Nanga ntchito yanga, adokotala?”

“Sharp, tiona.”

Sindinalimbane naye. Mlendo ngati ine ukakweza mawu kuno, amayamba kukufunsa kumene unachokera.

Nesi wandipatsa kapu ya tiyi yapadera, akuti ndi ya odwala a mayeso. Ndamwa. Ana aja zotsatira zawo azimva Lolemba, tsiku lomwelo ine ndizidzamva zanga. Pakhosi pakuwawa ndi kukhosomola konamizira, ndipo mawa m'mawa belu lija liliranso.