Voisi ya Latif

Lolemba, 8 Julayi 2024

Mawa ikwana miyezi isanu Latif ali zii. Voisi yake yomaliza ndi ya pa 9 Febuluwale. Ramadani yadutsa, Idi zonse ziwiri zadutsa, mlongo wanga amene sankatha masiku atatu osanditumizira phokoso lake pa foni, palibe ngakhale moni. Nambala yake ya ku Joni siilowa.

Chithunzi ndinaika kale mu Epulo pa gulu lija la pa Facebook la ana a Mangochi okhala ku Joni. Anthu zikwizikwi, koma zimene ndinapeza ndi "Allah amuteteze" ndi tizithunzi ta manja opemphera. Wina anaikapo nambala yake yonyamulira katundu wopita kumudzi, pansi penipeni pa nkhope ya mlongo wanga. Komabe sindingawadzudzule kwambiri. Chithunzicho ndi cha pa nikaha, ukwati wake ndi Zena, zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ali kamnyamata kopanda ndevu. Atayamba kulimbikira kumzikiti ku Joniko anasiya kujambulitsa, eti si bwino.

Pa buleki madamu Jestina anandipeza ndikumvera voisiyo m'kalasi mwanga. Akuti, "Shakila, nkhope imasintha koma mawu sasintha. Bwanji osaikapo mawu akewo?" Sindikudziwa chifukwa chake sindinaganize ndekha. Ndi masekondi 38. Amayamba ndi kuseka kwake kuja kokhala ngati njinga yamoto yokana kulira, kenako, "Asisi, lero andipatsa maiki, tamverani," n'kuitana azana pang'ono, kuja koitanira anthu ku mapemphero. Amene anapempherapo naye sangamuphonye.

Lachiwiri, 9 Julayi

Zandithera nzeru. Pa gululo pali poika chithunzi, pali poika vidiyo, poika mawu okha palibe. Ndikasaka fayiloyo siioneka n'komwe, ngati mu foni mwanga mulibe. Ndinaikweza pa Drive n'kuika linki. Ndinadziona wochenjera kwa mphindi makumi awiri basi.

"Sizikutseguka." "Ikufuna chilolezo." "Bando yanga yathera zopanda pake." Kenako wina wodzitcha Bwana Mkubwa analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti OSADINA, NDI AKUBA AWA. Pofika masana adimini anali atachotsa positi yonse. Ine mbava? Ndinalemba yankho lalitali lotukwana mpaka agogo ake, ndinafufuta. Ana a Sitandade 6 alipira mlandu wa Bwana Mkubwa lero, ndawakalipira popanda chifukwa.

Amayi andifunsa ngati ndamuika kale mwana wawo pa wailesi. Kwa iwo zonse ndi wailesi. Ndati mawa.

Lachitatu, 10 Julayi

Kwabwera Ibrahimu, msuweni wathu wa ku Namwera, mwana wa amalume, ndi thumba la mbatata pa njinga yamoto. Chaka chino akubwera pafupipafupi kudzaona azakhali ake, ndipo sabwera chimanjamanja. Iye ndi Latif anakulira pamodzi, anthu ankawasokoneza ali ana.

Anaona positi ya dzulo isanachotsedwe. Anandiitanira kuseri kwa khitchini. "Asisi, zimene mukuchitazi mumugwiritsa munthu. Kujaku apolisi amawerenganso magulu amenewa. Ngati mapepala ake anatha, mwamuika pa mbalambanda." Akuti ku Joni mafoni amabedwa tsiku ndi tsiku, tingodekha. Polankhula ankangoyang'ana makiyi ake.

Ndinatsala pang'ono kumumvera. Koma Zena anali akutsuka mbale chapafupi, anamva zonse. Sanatukule mutu. Anangoti, "Bola amugwire, amukweze basi, ndimuone." Mtsikana ameneyu salankhulalankhula. Kwawo ku Malindi akumuuza kuti apite kwa shehe akathetse ukwati, eti mwamuna anakwatira Mzulu, aliyense akudziwa. Aliyense ndani? Iye akukana, akadali pano ndi kamwana kake, akutunga madzi a apongozi ake.

Lachinayi, 11 Julayi

Mwera tsiku lonse, netiweki kulibe. Amayi sanadye.

Lachisanu, 12 Julayi

Zatheka.

Jestina akuti ngati chinthucho chikufuna vidiyo, tichipatse vidiyo. Tinayesa apu ina yolumikiza mawu ndi chithunzi, inakana kulowa, foni yanga yadzaza. Ndiye tinachita zachimidzi. Ndinalemba pa tchati ndi maka, zilembo za pa bolodi: LATIF ALI, WA KU CHOWE, MANGOCHI. MUKUWADZIWA MAWU AWA? Pansi nambala yanga. Tinamata tchaticho pa khoma m'kachipinda kosungira mabuku, tinatseka chitseko. Foni yanga ikulira voisi, ya Jestina ikujambula pepala.

Koyamba belu linalira pakati. Kachiwiri ndinalira ndine, zinamveka. Jestina anangofufuta n'kuti tiyenso. Kachitatu ndinatuluka panja, anajambula yekha.

Kukweza kunatenga pafupifupi ola, nditaima pa chulu cha kuseri kwa bwalo la mpira, mkono m'mwamba ngati ndikufunsa funso. Anthu ochokera ku mapemphero a Juma ankandiyang'ana. Itamaliza, pakati pa pepala langa panabwera kachizindikiro kodina kaja. Ndinadina. Latif anaseka pa gulu la anthu zikwi makumi anayi.

Ndawalembera adimini mwaulemu wonse umene ndilibe kuti chonde asachotse. Ayankha kuti iyi ili bwino.

Loweruka, 13 Julayi

M'mawa anali atamvera anthu 900. Masana 2,300. Ambiri ndi "MashaAllah mawu abwino". Mayi wina akuti azanayo yamukumbutsa kwawo ku Makanjira, walira ali pantchito. Zikomo mayi, koma si zimene ndikufuna.

Cha m'ma 2 koloko wina walemba: "Uyu si Latif. Uyu ndi Ibrahimu wa ku Namwera, ankaitana azana kwathu kuno ku Germiston." Ndinaseka ndekha. Ibrahimu amene wadya nafe mbatata Lachitatu? Amene sanadutsepo ngakhale pa Mwanza? Ndinamuyankha kuti mwasokoneza achimwene.

Kenako wachiwiri, munthu wina, dzina lina: "Ndi Ibrahimu Saidi ameneyu. Kuseka kwakeko." Wachitatu sanatchule dzina. Anangolemba, "Inna lillahi wa inna ilayhi rajiun." Mawu amene timanena munthu akamwalira.

Saidi ndi dzina la amalume.

Ndawerenga mobwerezabwereza mawu amodzi okha a munthu woyamba uja. Ankaitana. Sanati amaitana. Wina dzina lake Sameer wanditumizira uthenga kumbali kuti ali pa shifiti, andiimbira mawa m'mawa, ndikhale pamalo pabwino. Ndikudziwa tanthauzo la kuuza munthu kuti akhale pamalo pabwino. Sindinauze aliyense. Ndaphika, ndasambitsa mwana wa Zena, ndachonga makope. Ndili ndi mantha.

Lamlungu, 14 Julayi

Aimba 7 koloko. Ndinapita ku chulu.

A Sameer ndi bambo wachikulire, wa ku Katuli, mawu odekha. Anayamba ndi kundifunsa kuti ndine ndani kwa iye. Ndinati mlongo wake, bere limodzi. Anati, "Mwanangu, tinakusakani."

Akuti Latif anagwa pa denga pa 12 Febuluwale akukhoma malata. Lolemba. Anafika naye kuchipatala atatha kale. Onse kumeneko ankamudziwa kuti Ibrahimu, kwa bwana wake, kumzikiti, ngakhale amene ankagona naye chipinda chimodzi. Foni yake inaphwanyika pomwepo. M'chikwama anapeza pasipoti, dzina Ibrahimu Saidi, kumapeto kwake kuli nambala ya kumudzi yolembedwa ndi bolopeni. Anaimba. Anayankha mwamuna. Atamuuza, mwamunayo anati, "Ibrahimu Saidi ndine, ndili moyo, mwalakwitsa nambala," n'kudula. Anaimbanso kanayi, foni yozimitsa. Anaika uthenga pa gulu lomweli, dzina la Ibrahimu, palibe wa ku Namwera anabwera poyera. Ine ndinaudutsa uthengawo kapena? Mwezi umenewo ndinkasaka dzina la Latif lokha.

Maliro a Msilamu sadikira. Anamusambitsa okha, anamuveka sanda, anamuswalira anthu oposa makumi asanu. Akuti, "Sanapite ngati galu ayi, mwanangu, ndinamutsitsa ndi manja angawa." Anditumizira chithunzi cha tsamba la pasipoti ndi cha manda. Pa pasipoti nkhope ya msuweni wanga. Pa manda kachikwangwani kachitsulo, nambala ndi dzina la munthu amene ali moyo.

Ndinakhala pa chulupo mpaka dzuwa linandiwotcha. Latif wamwalira. Ndalemba kuti ndione ngati dzanja lingavomere.

Amayi ndawauza kuti mutu ukundipweteka. Ndikufuna ndimve kaye pakamwa pa Ibrahimu.

Lolemba, 15 Julayi

Sindinapite kusukulu. Ndinakwera kabaza mpaka pa msewu, kenako minibasi ya ku Namwera. Ndinamupeza pa sitolo yake akuyeza nandolo. Sindinamupatse moni. Ndinaika foni pa sikelo, chithunzi cha pasipoti chili poyera.

Anatseka sitolo. Anakhala pa thumba n'kuyamba kulira ngati mwana. Akuti nthawi imene Latif ankanyamuka analibe pasipoti, galimoto inali yonyamuka sabata yomweyo, ya iye Ibrahimu inali kungokhala m'sutikesi. Ankafanana, anangoti pita nayo, ambiri amatero. Analumbirirana kuti asauze munthu. Foni ya mu Febuluwale itabwera anaona ndende. Anachotsa simu n'kuiponya m'chimbudzi.

"Ndinkati mwina si iye, asisi. Ndinkati mwina anamubera pasipotiyo, wafayo ndi wakubayo."

Ndinamufunsa kuti ngati unkati si iye, mbatata zija zinali za chiyani? Miyezi isanu ukukhala pa mkeka wa amayi, akukufunsa ngati wamva kanthu, iwe n'kumati tidekhe. Ndinkafuna kumumenya ndi mwala wa sikelo. M'malo mwake ndinamuuza kuti avale nsapato, akanene yekha.

Tinafika ku Chowe nthawi ya Asiri, dzuwa litapendeka. Anagwada pakhomo, anayamba m'Chiyao, mawu osamveka. Amayi anamvetsa asanamalize. Kulira kwawo sindikulemba. Zena anali ataima pa khomo la khitchini ndi chipande m'manja, anafunsa funso limodzi lokha: "Tsiku lanji?"

Lachiwiri, 16 Julayi

Anthu adzaza pabwalo. Maliro opanda mtembo, azibambo akhala pansi pa mtengo wa mango osadziwa kuti ayang'ane kuti. Amalume afika, sanalowe m'nyumba, akhala kunja mutu uli pansi. Amayi sanawayang'ane.

Vidiyo ija ikadali pa gulu. Yafika 11,000. Anthu akulembabe kuti tithandizeni kusheya apezeke. Jestina wabwera ndi shuga, wandifunsa ngati ndikufuna aichotse. Ndati ayi. Kenako ndati eya. Kenako ndamulanda foni. Ndangolemba pansi pake kuti wapezeka, dzina lake ndi Latif Ali, amene muli pafupi ndi manda ake chonde mukasinthe chikwangwani. A Sameer ayankha kuti achita Lachisanu ikatha Juma.

Lachitatu, 17 Julayi

Shehe abwera m'mawa kudzakonza za dua ndi sadaka. Atamaliza ndi azibambo anaitanitsa Zena. Zena anakhala kuseri kwa chitseko, ine pambali pake, amayi ake a ku Malindi mbali inayo. Anafunsa yekha za eda, nthawi imene wamasiye amabindikira osadzikongoletsa, kuti ayamba liti kukhala m'nyumba ndipo atuluka liti.

Shehe anafunsa tsiku limene mwamuna anamwalira. Ndinati 12 Febuluwale. Anawerenga pa zala, mwezi ndi mwezi, anabwerezanso. Kenako anati eda ya mkazi wamasiye ndi miyezi inayi ndi masiku khumi, ndipo imayamba tsiku la imfa, osati tsiku la uthenga. Yake inatha mu Juni, chakumapeto. "Palibe chokumangani, mwana wanga. Simunadziwe, mulibe tchimo. Ndinu womasuka."

Amayi ake anapumira m'mwamba, ndinawamva. Anayamba kunena zoti ndiye sadaka ikatha anyamuke naye, katundu wake si wambiri.

Zena anati, "Mu Juni ndinapaka hina pa Idi. Ndinkati mwina atulukira."

Anavula ndolo, imodzi, kenako inayo, anandiika m'manja. Anavula chitenje chake chamaluwa n'kufunda nsalu yakale ya amayi imene inali pa chingwe. Shehe anayamba kufotokozanso, mofatsa, kuti sikofunika. Iye anati, "Ndamva, shehe. Inu mwawerenga zanu. Ine ndikuyamba lero."

Walowa m'chipinda cha Latif, watseka. Amayi ake agogoda kawiri, sanatsegule. Mwana ndagona naye ine masana ano. Ndolo zili pano pa tebulo, pafupi ndi kope ili.